Giyabokosi ikayamba kuvuta, musathamangire kuimasula

Ine giya ikamakana kulowa ndimayamba ndakayikira klachi. Zimitsani injini, pondani klachi, lowetsani magiya onse. Akamalowa bwinobwino koma n'kumakukuta mukaliza injini, makamaka rivesi, ndiye kuti klachi sikulekanitsa mokwanira. Onani mafuta ake m'kabotolo, kapena kebulo ngati yakhwefuka.

Kenako oilo wa m'giyabokosi. Imikani galimoto pamalo osapendekeka. Masulani kaye bawuti yothirira ya m'mbali musanakhudze yokhuthulira ya pansi. Ikakana kumasuka mutakhuthula kale, muthira bwanji? Pisani chala pabowo lothirira, oilo azifika pakamwa pa bowolo. Bawuti ya pansi nthawi zambiri imakhala ndi maginito: kaphala kotuwa si nkhani, koma tizidutswa tachitsulo tolasa chala ndiye kuti m'katimo zinthu zikudyana. Magiyabokosi akale ambiri amafuna oilo wa mtundu wa GL-4, chifukwa GL-5 ina imadya ma synchro a brass (timikombero tamkuwa tothandiza magiya kulowa mosakukuta). Tsatirani buku la galimotoyo.

Ikamakukuta giya imodzi yokha, kawirikawiri synchro yake yatha. Podikira makaniko, pondani klachi kawiri: koyamba kupita pa nyutiro, kachiwiri kulowetsa. Giya ikamatuluka yokha, yambani ndi mabushi a ndodo ya giya ndi mamaunting'i a injini (zamphira zomwe injini imakhalapo).