Taco ya mlamba kuno ku Chigwa

Ku Baja California, ku Mexico, m'malo odyera a m'mbali mwa nyanja amakulunga nsomba yokazinga m'kamkate kopyapyala ka chimanga, amati taco. Ifenso kuno ku Chigwa cha Shire tingathe.

Gulani mlamba wa ku Elephant Marsh m'mamawa, dzuwa la ku Nchalo lisanauwononge. Ine ndimasankha mlamba chifukwa makakana ali ndi minga yambiri. Dulani mnofu tizidutswa totalika ngati chala, vivikani mu ufa wa tirigu wosungunula ndi madzi ozizira ndi mchere, kazingani m'mafuta otentha kwambiri mpaka afiire.

Tenthetsani chapati, ilowe m'malo mwa kamkate ka chimanga kaja. Ikani nsomba, kabichi wodula tating'onoting'ono, tomato, anyezi ndi kambuzi, finyirani ndimu wambiri. Pindani, idyani ndi manja nthawi yomweyo. Mukachedwa chapati imanyowa n'kung'ambika.