Mmene Mungamvetserere Messiah wa Handel kwa Nthawi Yoyamba

Anthu ambiri amadziwa Messiah chifukwa cha kolasi ya Hallelujah yokha, koma kolasiyo ndi kachigawo chabe ka nyimbo yaitali yotenga maola oposa awiri, ndipo kukoma kwake kumamveka mokwanira pamene munthu wamva zonse zoitsogolera. George Frideric Handel, amene anabadwira ku Halle m'dziko la Germany mu 1685 n'kukakhazikika ku London, anapeka nyimboyi mu 1741 m'masiku 24 okha, ndipo inaimbidwa koyamba ku Dublin m'dziko la Ireland pa 13 April 1742 pofuna kupeza ndalama zothandizira odwala ndi anthu omangidwa chifukwa cha ngongole.

Musanayambe kumvetsera, tengani Baibulo lanu. Mawu onse a Messiah anasankhidwa ndi Charles Jennens, mnzake wa Handel, kuchokera m'Malemba, kotero kuti ngakhale amaimbidwa m'Chingerezi chakale, mungathe kuwatsatira m'Chichewa popanda vuto. Tsegulani Yesaya 40, chifukwa woimba tenala akayamba, amayambira pa mawu otonthoza anthu a Mulungu omwe ali kumayambiriro kwa chaputalacho. Ikaninso chizindikiro pa Luka 2, Yesaya 53, Yobu 19 ndi 1 Akorinto 15.

Nyimboyi ili ndi zigawo zitatu, ndipo ndi bwino kuzimvetsera pa masiku osiyana m'malo moithamangira yonse usiku umodzi. Chigawo choyamba chikukamba za ulosi ndi kubadwa kwa Khristu, chachiwiri za masautso ake, kuuka kwake ndi kulalikidwa kwa uthenga wake, ndipo chachitatu, chomwe ndi chachifupi, chikukamba za kuuka kwa akufa.

Pomvetserapo, zindikirani kuti pali kaimbidwe ka mitundu itatu kamene kamasinthanasinthana. Nthawi zina woimba mmodzi amakhala ngati akungolankhula mokweza ndi kutsitsa mawu, zoimbira zikumuperekeza pang'ono, ndipo pamenepo nkhani ikusuntha. Nthawi zina amaima pa vesi limodzi n'kumalibwereza kwa mphindi zingapo, ndipo kenaka kwaya yonse imayankha. Musatope ndi kubwerezako, pakuti m'menemo ndi mmene Handel anabisa luso lake lalikulu, lomwe ndi kuchititsa nyimbo kuchita zimene mawu akunena. Pamene tenala akuimba za chigwa chodzakwezedwa, mawu ake amakwera motalika. Akafika pa malo okhota, amapendekera uku ndi uku. Akanena za malo osalala, amagwira noti imodzi osaigwedeza. M'kolasi yonena kuti tonse tasochera ngati nkhosa, masoprano, maalito, matenala ndi mabesi amamwazikana, aliyense kulowera kwake, mpaka nyimbo imasintha mwadzidzidzi n'kukhala yolemera pa mawu akuti Ambuye anamusenzetsa mphulupulu za ife tonse. Kwa ine, kusintha kumeneku ndiko malo okhudza mtima koposa m'nyimbo yonseyi, ndipo ndikukulimbikitsani kubwezera m'mbuyo kuti mukumvenso kachiwiri.

Mupatseninso nthawi woimba alito pamene akuimba za munthu wonyozedwa ndi wokanidwa wa pa Yesaya 53:3. Gawoli ndi lalitali ndiponso lodekha, ndipo ena amafuna kulilumpha, koma amene walimva lonse amailandira Hallelujah mosiyana kwambiri ikafika kumapeto kwa chigawo chachiwiri ndi mawu ake ochokera m'buku la Chivumbulutso. Musazimitse pamenepo, chifukwa soprano akubwera ndi mawu a Yobu odziwa kuti Momboli wake ali moyo, ndipo pambuyo pake besi akupikisana ndi lipenga pa 1 Akorinto 15:52.

Pa nkhani yosankha oimba, pali njira ziwiri. Zojambulidwa za Christopher Hogwood akutsogolera gulu la Academy of Ancient Music, kapena za John Eliot Gardiner akutsogolera kwaya ya Monteverdi Choir, zimagwiritsa ntchito gulu laling'ono ndi zoimbira zofanana ndi za m'nthawi ya Handel, motero mzere uliwonse umamveka poyera. Yojambulidwa mu 1959 motsogoleredwa ndi Thomas Beecham ili ndi gulu lalikulu ndi zoimbira zowonjezeredwa zimene Handel sanalembe. Yambani ndi gulu laling'ono, makamaka ngati mumaimba m'kwaya, chifukwa mudzatha kutsatira mzere wa mawu anu kuyambira pa kolasi yoyamba mpaka pa Amen womaliza.