Dzina kufanana si ubale: lekani kuthamangira setifiketi ya ku England

Chaka chino chiyambireni, anthu ondipeza ndi nkhani yofufuza agogo awo achingelezi achuluka kuposa kale, ndipo chifukwa chake n'chosabisa. Zinthu zathina, achinyamata akufuna kotulukira, ndiye mbiri yawanda yoti ngati mmodzi mwa agogo ako anabadwira ku Britain ukhoza kupeza viza ya Ancestry n'kukagwira ntchito kumeneko zaka 5. Mbiriyo ndi yoona. Viza imeneyi ndi ya nzika za mayiko a Commonwealth zimene zakwanitsa zaka 17. Malawi ndi Zambia ali momwemo, a ku Zimbabwe nawonso amaloledwa, ndipo ngakhale agogowo sanamange ukwati lamulo silikukanani. Ku Thyolo, ku Mulanje, ku Zomba ndi ku Blantyre kuli mabanja ndithu amene bambo kapena agogo awo anali mzungu wa pa esiteti kapena wa m'boma la atsamunda. Ena safuna n'komwe viza, akungofuna kudziwa kumene magazi awo anachokera. Koma pafupifupi onse akulakwitsa pamalo amodzimodzi, ndipo ndatopa kubwereza mawu omwewo kwa munthu mmodzimmodzi.

Munthu amatsegula foni, kulowa pa FreeBMD, tsamba laulere la mayina a obadwa, okwatirana ndi omwalira ku England ndi Wales, kapena pa tsamba la General Register Office, ofesi ya boma yopereka masetifiketi kumeneko, imene ambiri amangoti GRO, n'kulemba dzina la agogo. Dzina latuluka, chaka chikuyandikira chimene akuganizira. Basi, watha kufufuza. Mawa lake ali kale pa WhatsApp ya banja kulengeza kuti agogo apezeka, ndipo akusonkhetsa ndalama zogulira setifiketi.

Chimene mwaonacho si setifiketi, ndi mndandanda wa mayina chabe. Boma la England ndi Wales linayamba kulemba obadwa, okwatirana ndi omwalira pa 1 July 1837, ndipo mndandandawo anaukonza m'magawo a miyezi itatuitatu: March, June, September ndi December. Mzere uliwonse uli ndi dzina, dera limene munthu analembetsedwa, nambala ya buku ndi nambala ya tsamba. Mulibe tsiku lobadwa, mulibe dzina la bambo, mulibe ntchito ya bambo. Ndiye mukaona Smith wina atalembedwa mu March 1912 ku West Derby, buku 8b, mwadziwa chiyani? Mwadziwa kuti pakati pa January ndi March chaka chimenecho, mwana wa dzina limenelo analembetsedwa m'dera lina la ku Liverpool. Basi. Smith ndilo dzina lofala kuposa onse ku England, ndipo a Jones, a Taylor, a Brown ndi a Williams sali patali. Nthawi imeneyo makolo ankangozungulira pa mayina ochepa omwewo: John, William, George, Thomas, Arthur. M'gawo limodzi la miyezi itatu mukhoza kupeza ana angapo a dzina lofanana ndendende. Ku dibi ng'ombe zakuda zimakhala zambiri, ndipo mwini wake sakoka iliyonse poti ndi yakuda, amayang'ana chizindikiro cha kukhutu. Inu chizindikiro chanu ndi chiti?

Onaninso kuti West Derby si ku Derby. Dera lolembetsera si mudzi kapena tauni imene munthu anabadwira, ndi chigawo cha ofesi, ndipo dzina lake kawirikawiri silifanana ndi limene banja limakumbukira. Malo ena ali ndi dzina limodzi koma ali kutalikutali: kuli Richmond ya ku Yorkshire, kulinso Richmond ya pafupi ndi London. Chaka nachonso chimanyenga. Makolo ankapatsidwa masiku 42 kuti alembetse mwana, choncho wobadwa kumapeto kwa November kapena mu December akhoza kuoneka m'gawo la March la chaka chotsatira. Wina amasiya agogo ake enieni ali pomwepo chifukwa chaka chasiyana ndi chimodzi, n'kutenga mlendo chifukwa chaka chagwirizana.

Mtengo wa chibwana chimenechi suthera pa setifiketi imodzi. Setifiketiyo payokha inakwera kufika £12.50 mu 2024, ndipo nonse mukudziwa mmene mapaundi akuvutira kuwapeza masiku ano, ndi mmene khadi la banki likukanira kulipira kunja. Koma choopsa chili kutsogolo. Setifiketi yolakwika ikafika, imabwera ndi mayina a bambo ndi mayi a mlendo uja. Inu mumatenga mayinawo n'kugula setifiketi ya ukwati wawo, kenako ya kubadwa kwawo, kukwera mmwamba, chilichonse chikugwirizana bwinobwino chifukwa ndi banja lenileni, kungoti si lanu. Ena afika polembera makalata anthu a ku England kuti ndife abale anu. Ofuna viza ndiwo amapsa kwambiri. Ndalama yofunsira viza sibwezedwa akakukanani, ndipo akaona ngati mapepala olakwikawo mwapereka dala, akhoza kukutsekerani khomo mpaka zaka 10.

Mwezi wathawu kunabwera bambo wina, mlimi wa tiyi wa ku Mulanje, munthu wachikulire waulemu wake. Bambo ake anali mzungu wothandizira pa esiteti ina, amene anachoka iye akali wakhanda. Kumudzi mzunguyo ankadziwika ndi dzina lomupatsa antchito, ndipo dzina lake lenileni banja linangosunga loyamba ndi lomaliza. Mwana wa mlimiyo, wophunzira ndithu, anapeza dzinalo pa intaneti tsiku limodzi lokha. Bambowo anagulitsa mbuzi, setifiketi inabwera, ina inatsatira, anazikutira m'pulasitiki n'kuziika m'sutikesi pansi pa bedi. Anandibweretsera kuti ndingoona ngati zakwana. Ndinatenga dzina lomwelo n'kuliyang'ana pa mndandanda wa omwalira, m'dera lomwelo. Linalipo, m'gawo lotsatira la chaka chomwecho, zaka zake 0. Mwana amene ankamutcha agogoyo anamwalira asanayambe n'kukwawa komwe. Sizodabwitsa, poti zaka zimenezo ku England pafupifupi mwana mmodzi mwa 10 alionse ankamwalira asanakwanitse chaka.

Mlimiyo anakhala chete, kenako anati, "Ndiye mukundiuza kuti mbuzi zanga zagulira maliro a eni?" Anatembenukira mwana wake. "Iwe, ndinakuuza kuti tiyambe tapita kwa azakhali ako ku Luchenza. Unati azakhali sadziwa kompyuta." Azakhaliwo ndi amene ankasunga envulopu yakale imene mzungu uja anatumiza atabwerera kwawo, yokhala ndi chidindo cha positi ofesi ndi chilembo cha dzina lake lapakati. Zinthu ziwiri zimenezo zikanachepetsa mayina a pa mndandanda kufika pa awiri kapena atatu. Mnyamatayo anaziona ngati zachikale.

Khalidwe limeneli ndi limene limandikwiyitsa. Takhala anthu okhulupirira chilichonse chotuluka pa sikirini kuposa nkhalamba imene inamuona munthuyo ndi maso. Safunsa anadya phula. Palinso ulesi wokopera mitengo ya mabanja imene anthu ena anaika pa tsamba la intaneti lotchedwa Ancestry ndi masamba ena otero. Mtengo woti wina anangolumikiza usiku umodzi, enanso makumi n'kukopera, inu mukuti poti ambiri alemba chomwecho ndiye kuti n'choona. Ayi, ndi bodza limodzi lobwerezedwa kambiri. Munthu akandionetsa mtengo wofika kwa mafumu a ku England koma alibe setifiketi ya kubadwa kwa mayi ake omubereka, ndimangodziwa kuti tiyambiranso.

Amene mwadutsa 1837 kubwerera m'mbuyo, chenjerani kawiri. Kumeneko kulibe GRO, kuli mabuku a maparishi a Church of England, amene Thomas Cromwell analamula mu 1538 kuti azilembedwa, nthawi ya Henry VIII. Ambiri a zaka zoyambirira anatayika. Amene alipo amalemba ubatizo, ukwati ndi kuika maliro, osati kubadwa ndi kumwalira, ndipo mwana ankatha kubatizidwa patapita miyezi kapena zaka, nthawi zina abale atatu tsiku limodzi. M'mabuku akale mzere wa ubatizo umangoti John mwana wa William, dzina la mayi osalitchula. M'mudzi umodzi mukhoza kukhala a William awiri apachibale, aliyense ndi John wake. Mwana akamwalira, makolo ankapatsanso dzina lomwelo wobadwa pambuyo pake, ndiye wosayang'ana buku la maliro amatenga womwalirayo. Zinthu zinayamba kulongosoka mu 1754, pamene lamulo la Hardwicke linakakamiza kuti ukwati uzichitikira m'tchalitchi cha Church of England, kupatula wa Ayuda ndi wa a mpingo wa Quaker, okwatirana ndi mboni n'kumasaina. Ubatizo unalongosoka mu 1813, pamene kunabwera mabuku osindikizidwa okhala ndi malo olembapo mayina a makolo, kumene akukhala ndi ntchito ya bambo. Ndipo chaka cha 1752 chisanafike, chaka chatsopano ku England chinkayamba pa 25 March, choncho ubatizo wolembedwa February 1740 kwa ife ndi wa 1741. Banja likakhala la Methodist, la Baptist kapena la Katolika, ubatizo wa ana ake mukhoza osaupeza n'komwe m'buku la parishi. Wosadziwa izi amati poti m'parishi muno muli John mmodzi yekha, ndiye wanga. Mwina wanuyo anabatizidwa kutchalitchi china kuseri kwa msewu.

Chinanso: kwathu kuno mzungu aliyense wa ku Britain timamuyesa Mngelezi, chonsecho ambiri amene anabwera ku Nyasaland anali a ku Scotland. A mishoni ya Blantyre, a Livingstonia, a kampani ya African Lakes imene inayambira ku Glasgow mu 1878, onsewo. Scotland ili ndi kaundula wakewake amene anayamba mu 1855, ndipo amafufuzidwa pa tsamba la ScotlandsPeople, osati ku GRO. Mukasaka munthu wa ku Scotland pa mndandanda wa England mudzapezabe dzina lofanana, ndipo lidzakhala la wina.

Zoyenera kuchita n'zodziwika, ndingozitchula mwachangu. Zoti muyambe ndi inu mwini, kenako kholo lanu, kenako agogo, sindinenanso. Kwa ofuna viza, mbali yovuta si ya ku England, ndi ya kuno: pepala losonyeza kuti kholo lanu ndi mwana wa mzunguyo. Kayang'aneni buku la ubatizo ku mishoni, makalata akale, zithunzi zolembedwa kumbuyo, mafayilo a ku National Archives ku Zomba, ndi laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House. Musagule kanthu ku England musanapeze zizindikiro ziwiri zoonjezera pa dzina, monga dzina lapakati, tsiku lobadwa, tauni, kapena dzina la mayi ake asanakwatiwe. Dzina la mayilo limaoneka pa mndandanda wakale kuyambira gawo la September 1911, koma tsamba la GRO linaliwonjezera kubwerera mpaka 1837, ndipo kuyang'ana n'kwaulere mukalembetsa. Pa maukwati, dzina la mnzake wa munthu limaoneka pambali kuyambira 1912. Aliyense amene mukumuganizira, yambani mwayesa kumukana: muyang'aneni pa omwalira, mu kalembera wa 1911 ndi wa 1921, ndi mu kaundula wa pa 29 September 1939, amene amapereka tsiku lobadwa ndi ntchito. Ngati mu 1939 munthuyo anali kuyendetsa basi ku Leeds pamene kwanu akuti anali kuyeza tiyi, musiyeni. Kalembera wa 1931 musamufune, anapsa ndi moto mu 1942, ndipo mu 1941 sanawerenge anthu chifukwa cha nkhondo. Mayina a okwera sitima zapamadzi kuchoka ku Britain pakati pa 1890 ndi 1960 anasungidwa, ndipo ambiri obwera kuno ankatsikira ku Beira, ndiye yang'anani doko limenelo. Mabuku a maparishi ambiri ali m'maofesi osunga zakale a chigawo chilichonse cha England, ena mukhoza kuwafufuza ulere pa masamba a FreeREG ndi FamilySearch.

Pofuna kungotsimikiza, gulani kope ya PDF kapena chithunzi, n'zotsika mtengo ndipo zimabwera pa intaneti, koma sizipezeka pa obadwa a zaka zonse, ndipo a viza sazilandira. Mukatsimikiza ndiye muitanitse setifiketi yapepala, yonse yokhala ndi mayina a makolo, osati yaifupi yopanda mayinawo. Ngati muli ndi mbale ku Britain, lembani adiresi yake kuti ifikire kumeneko, iye adzakutumizireni ndi munthu wobwera kuno.