Mmene mungadziwire mtunda wa pandege kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Johannesburg

Choyamba, dziwani kuti mtunda wa pandege umayezedwa kuchokera pa bwalo lina la ndege kufika pa linzake, osati pakati pa mizinda. Choncho pofufuza pa intaneti, lembani zilembo zoimira mabwalowo: LLW ndi bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, pomwe JNB ndi bwalo la O.R. Tambo. Musasokoneze ndi bwalo la Lanseria, lomwenso limatumikira Johannesburg.

Mudzapeza kuti mtundawo ndi pafupifupi makilomita 1,490, ndipo ndege yosaima panjira imatenga maola awiri ndi mphindi zingapo. Nambala ikaoneka yochepa, monga 925, ndiye kuti yalembedwa m'mamailosi. Ichulukitseni ndi 1.6.

Chofunika kwambiri ndi kuwerenga tikiti mosamala, chifukwa ulendo wodzera ku Chileka umatalikirako pang'ono, koma wodzera ku Nairobi kapena Addis Ababa umayamba wapita kumpoto kenako n'kubwerera kumwera, ndipo ngakhale tikitiyo itatchipa, tsiku lonse limathera m'njira. Nthawi ya ku Malawi ndi ya ku South Africa ndi yofanana, kotero wotchi yanu musaisinthe.