Posankha zithunzi za nkhani ya miyala yakale

Mukamalemba nkhani ya miyala yakale mu insaikulopediya, musathamangire chithunzi chokongola cha dzuwa likulowa. Taganizani za phiri la Mulanje. Miyala yake ya syenite ndi granite inali chiphalaphala chomwe chinazizirira pansi pa nthaka zaka pafupifupi 130 miliyoni zapitazo, kenaka miyala yofewa yoizungulira inakokoloka pang'onopang'ono. Chithunzi cha nsonga ya Sapitwa sichingafotokoze zimenezi.

Funani chojambula chosonyeza phirilo ngati lodulidwa pakati, komanso chithunzi chapafupi choonetsa timibulu ta mwalawo. Pambali pake pakhale ndalama yachitsulo kapena nyundo, apo ayi owerenga sadziwa ngati ndi thanthwe kapena kamwala kokwana m'dzanja. Izi ndi zomwe ambiri amaiwala.

Mukamatenga chithunzi pa Wikimedia Commons, nkhokwe ya zithunzi ya pa intaneti, onaninso chilolezo cha chithunzicho ndi malo enieni omwe chinajambulidwa.