Akakuchotsani ntchito ku Joni, muli ndi masiku 30 okha

Kuno ku Mangochi ndi midzi yochepa imene ilibe mwana ku Joni. Ku Makanjira, ku Namwera, ku Malindi mpaka ku Monkey Bay, nyumba zambiri zamalata zamangidwa ndi thukuta la m'magaladeni, m'makhitchini, m'mashopu ndi m'mafamu a ku South Africa. Koma mafoni ochokera kumeneko sabweretsa nkhani za ndalama zokha. Wina wagwira miyezi itatu osalandira, wina wauzidwa m'mawa kuti asabwerenso popanda chifukwa, wina wavulala pa makina bwana n'kumuiwala. Ukafunsa kuti mwakadandaula kuti, yankho limakhala lomwelija: "Ndilibe mapepala, andimvera ndani?"

Achimwene ndi achemwali, mantha amenewa ndi amene amalemeretsa mabwana ankhanza. Lamulo la dzikolo silinena choncho. M'chaka cha 2008, khoti loona za ntchito linagamula mlandu wa pakati pa kampani ya Discovery Health ndi CCMA (bungwe lomva madandaulo a antchito), wokhudza munthu wa ku Argentina amene anachotsedwa ntchito pemiti yake itatha. Khoti linati munthuyo ndi wantchito ndithu ndipo ali ndi ufulu wokadandaula. Kugwira ntchito opanda pemiti n'kuphwanyabe lamulo loona za olowa m'dziko, ndipo kudandaula sikukukonzerani mapepala. Mwina sangakubwezereni pa ntchito. Koma ntchito imene munagwira kale iyenera kulipidwa, ndipo bwana alibe ufulu wokutayani mwachisawawa chifukwa choti ndinu mlendo.

CCMA ndi bungwe lomwe limamva madandaulo a pakati pa antchito ndi owalemba, ndipo lili ndi maofesi m'mizinda ikuluikulu monga Johannesburg, Cape Town ndi Durban. Salipiritsa. Mumalemba fomu yotchedwa 7.11, kope lina n'kupereka kwa bwana, n'kusunga umboni woti mwamupatsa. Poyamba amakuitanani awirinu kuti mugwirizane pamaso pa komishonala, ndipo pamenepa loya safunika. Zikakanika, nkhani imapita poti aweruze. Akapeza kuti munachotsedwa mosatsata chilungamo, akhoza kulamula chipepeso chofika malipiro a miyezi 12. Ngati Chingerezi chimakuvutani, lembani pa fomupo kuti mukufuna womasulira, musachite manyazi. Nambala yawo ndi 0861 16 16 16.

Pamene abale athu ambiri amaluzira ndi pa nthawi. Dandaulo lochotsedwa ntchito liyenera kufika ku CCMA pasanathe masiku 30 kuchokera tsiku lomwe anakuchotsani, ndipo Loweruka ndi Lamlungu amawerengera momwemo. Ife tinaleredwa kupirira ndi kulemekeza wamkulu, ndiye munthu amadikira kuti bwana aphwe mtima, kapena amakhulupirira akamuuza kuti "bwera mwezi wamawa tidzakambirane". Mwezi wamawa ukafika nthawi yatha. Mukachedwa mutha kupempha kuti akulandirenibe, koma mufotokoze chifukwa chomveka, ndipo akhoza kukana. Musasaine kalata yoti mwasiya ntchito mwakufuna kwanu, kapena pepala lililonse limene simunalimvetse. Wosiya yekha zimamuvuta kwambiri kutsimikiza kuti anachotsedwa.

Nanga umboni? Ambiri alibe kontirakiti yolembedwa, koma zimenezo sizithetsa mlandu. Mgwirizano wapakamwa ndi mgwirizano ndithu. Gulani kabuku kakang'ono, muzilembamo tsiku lililonse nthawi yolowa, yoweruka ndi ndalama zimene mwalandira. Mauthenga a pa WhatsApp ochokera kwa bwana musafufute, ndipo muziwatumiza kwa m'bale wanu kuno kumudzi, chifukwa foni imabedwa kapena kulandidwa. Dziwani dzina lonse la bwana kapena la kampani ndi adiresi ya pamene mumagwira. Pa fomu simungalembe kuti "mzungu wa ku Randburg".

Kuti mudziwe ngati akukuberani, sungani manambala awa. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka anayamba pa 1 Januwale 2019 ali R20 pa ola, ndipo mu Malichi 2025 anafika R28.79. Amasintha chaka ndi chaka, choncho funsani a chaka chino. Kuyambira 2022 antchito a m'nyumba amalandira mlingo womwewo, osati wotsikirapo. Sabata ya ntchito ndi maola 45, ndipo ola lililonse loonjezera limalipidwa limodzi ndi theka. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 21 otsatizana. Wantchito wa m'nyumba kapena wa pafamu amene wagwira kupitirira miyezi 6 ayenera kupatsidwa notisi ya masabata 4. Ndalama zimene bwana sanakulipireni mutha kukadandaulanso ku CCMA komweko kapena ku ofesi ya leba yapafupi.

Amayi ogwira m'nyumba, imvani ichinso. Mu Novembala 2020 khoti lalikulu loona za malamulo a dziko, pa mlandu wa Mahlangu, linagamula kuti antchito a m'nyumba nawonso ayenera kulandira chipepeso akavulala kapena kumwalira pa ntchito. Mukavulala pitani kuchipatala tsiku lomwelo, muuze dokotala kuti zachitikira pa ntchito, ndipo mapepala onse musunge.

Musanapite ku ofesi ya boma, makamaka ngati mapepala anu sali bwino, yambani mwalankhula ndi odziwa malamulo amene salipiritsa. Legal Aid South Africa amayankha pa 0800 110 110. Lawyers for Human Rights ali ndi maofesi ku Johannesburg, Pretoria, Durban ndi Musina, ndipo nkhani za obwera amazidziwa bwino. Ku Cape Town kuli Scalabrini Centre, ku Germiston kuli Casual Workers Advice Office yothandiza a maganyu, ndipo mayunivesite monga Wits ali ndi maofesi othandiza osauka pa milandu. Auzeni zoona zokhazokha za pemiti yanu, kuti akuuzeni poyera chomwe chingatheke ndi chiopsezo chake. Kazembe wathu ku Pretoria ndi ofesi yake ya ku Johannesburg angathandize pa za pasipoti, koma mlandu wa malipiro saweruza ndi iwo.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi madobadoba, ena mwa iwo Amalawi anzathu, amene amauza munthu wochotsedwa kumene ntchito kuti abweretse ndalama "akutsegulire keso". Fomu ya CCMA ndi yaulere, ndipo ogwira ntchito pa ofesipo amathandiza kuilemba. Ndipo inu makolo muli kuno kumudzi, mwana akaimba foni kuti ntchito yatha, musathamangire kumufunsa za ndalama ya feteleza. Mufunseni tsiku limene anamuchotsa, muwerenge naye masiku otsala, kenako mumutumizire manambala a foni awiri ali pamwambawa, ya CCMA ndi ya Legal Aid.