Masulani mphira pa batani la hita ya anapiye

Chisanu cha chaka chino ndapeza chinthu chimodzimodzi m'makola anayi otsatizana, ndipo chanditopetsa. Hita ya gasi ikangoyamba kuzimazima, mlimi akutenga mphira ya chubu cha njinga n'kumanga batani loyatsira kuti likhale lopanikizika usiku wonse. Ukafunsa, yankho n'lomwelo: "Alangizi, imavuta, ndiye ndangoithandizira."

Pafupi ndi lawi pali kachitsulo konga msomali, dzina lake thermocouple. Kakatentha kamatulutsa magetsi ochepa zedi, osatha kuyatsa ngakhale babu la tochi, koma okwanira kugwira valavu kuti gasi azidutsa. N'chifukwa chake poyatsa mumapanikiza batani kwa masekondi pafupifupi 30, kudikira kuti kachitsuloko katenthe. Lawi likazima kamazizira, valavu n'kudzitseka yokha. Mphira yanuyo ntchito yake ndi kuletsa valavu kutseka, kaya moto ulipo kaya wazima.

Ndiye mwera uwombe cha m'ma 2 koloko usiku, lawi lizime inu muli m'tulo. Gasi wa m'masilinda ndi wolemera kuposa mpweya. Sakwera kudenga ngati utsi wa mbaula, amatsika n'kuyala pansi pomwe pagona anapiye, pa utuchi kapena mankhusu a mpunga ouma gwa. M'mawa wina alowe ndi machesi kuti akayatsenso, khola lonse lapita, naye alimo.

Mayi wina kufupi ndi Dedza boma anapulumuka chifukwa choti analowa ndi tochi ya pafoni. Akuti fungo analimva ali pakhomo, koma ankati ndi zitosi. Anali ndi anapiye 200 a sabata imodzi, msinkhu wofuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35. Anawapeza ataunjikana pakona kuthawa kuzizira, apansi atafa chifukwa chopanikizana. Silinda ya makilogalamu 9 yomwe anadzazitsa dzana lake inali mbee. Mphira anamanga ndi mphwawo, amene anati zimenezi amazidziwa. Nditatsitsa hitayo ndinapeza kachitsulo kaja kali bii ndi mwaye wosakanikirana ndi fumbi la chakudya, katapindikanso kutalikirana ndi lawi. Kupukuta ndi kuwongola sikunanditengere mphindi 5. Mayiwo anangogwira m'chiuno osayankhula.

Vuto lathu tinazolowera kuti chilichonse chimachira ndi mphira: mpopi ukamadontha, chitseko chikamagwa, keliyala ya njinga ikathyoka. Ena akafika potokosanso kabowo kotulukira gasi ndi singano kuti moto ukule. Kabowoko kakakula, lawi limasanduka lachikasu, mwaye umachuluka, n'kuphimbanso kachitsulo komwe kaja. Onjezani masaka amene mumatseka nawo mawindo onse mpaka khola kukhala ngati chigubu, ndiye kuti hita ikutulutsa carbon monoxide, mpweya wopanda fungo umene umapha nkhuku ndi munthu yemwe. Zimenezi tinakambirana kale pa misonkhano ya magulu a alimi, koma zikuoneka kuti zinatsala pansi pa mtengo pomwepo.

Hita ikamazima, tsekani gasi pa silinda, idikireni izizire. Pukutani nsonga ya thermocouple ndi sandipepala wosalala, muonetsetse kuti yakhudza lawi komanso kuti nati yake kumbuyo sinakhwefuke. Kabowo ka gasi kapemerereni ndi pampu ya njinga, osati waya. Lawi labwino ndi la buluu. Pamene payipi yalumikizana ndi regyuleta, kachipangizo ka pamutu pa silinda kochepetsa mphamvu ya gasi, pakani thovu la sopo, likamatukusira ndiye kuti pakutuluka gasi. Mukamva fungo musayatse kanthu, ngakhale switchi ya magetsi, tsekulani zitseko mutuluke. Hita ikapitiriza kuzima, kawirikawiri ndiye kuti thermocouple yatha, gulani ina. Regyuleta ndi valavu musamasule nokha, pitani nazo kwa ogulitsa gasi ovomerezeka ndi MERA, bungwe loyang'anira za mafuta, gasi ndi magetsi, ndipo usiku umenewo anapiye awothe mbaula ya makala, zenera limodzi lili lotsegula.